Ulendo wa Tsiku Limodzi ku Nkhalango ya Kasungu

M'dziko la Malaŵi mulibe chipululu chonga cha Namib, kumene alendo amalawirira dzuwa lisanatuluke kuti akwere zitunda za mchenga kusanatenthe. Komabe munthu amene analowapo m'nkhalango yosungirako nyama ya Kasungu m'mwezi wa Okutobala amadziwa kuti chilimwe cha kumeneko chimalamula ulendo monga momwe chipululu chimachitira. Udzu umakhala utauma, mitsinje yambiri itaphwa, ndipo chamoyo chilichonse chimayenda motsata madzi. N'chifukwa chake mlendo amafunika womutsogolera wodziwa malowo.

Kwa anthu a m'boma la Mchinji, ulendowu ndi wotheka kupita ndi kubwerako tsiku lomwelo. Galimoto imachoka pa boma m'bandakucha, n'kukhota pa Kamwendo, kudutsa pa Kapiri ndi pa Santhe mpaka ku Kasungu. Kuchokera kumeneko msewu umaloza kumadzulo mpaka pachipata cha nkhalangoyi. Pachipatapo alendo amalembetsa maina ndi kulipira.

Nkhalango ya Kasungu inakhazikitsidwa monga paki ya dziko lonse m'chaka cha 1970. Kukula kwake ndi masikweya kilomita oposa 2,300, kotero kuti imaposedwa ndi ya Nyika yokha. Mbali yaikulu ndi tchire la mitengo ya mombo ndi mtondo, lokhala ndi madambo apa ndi apo. Mitengoyo ndi yofanana kwambiri, mwakuti munthu wachilendo akasiya msewu amasokonezeka msanga, osadziwanso kumene wachokera. Akulu anati safunsa anadya phula.

Ntchito yoyamba ya wotsogolera ndiyo kusunga nthawi. Nyama zimadya ndi kumwa madzi m'mawa ndi madzulo; dzuwa likafika pamutu zimabisala m'mithunzi. Tsono iye amayamba ndi madambo kukadali kozizira, kumene kungaoneke njati, mbidzi, njiri ndi mphalapala. Masana amapumitsa alendo pa damu la Lifupa, lomwe limasunga madzi chaka chonse. M'damumo muli mvuu, ndipo njovu zimabwera kudzamwa, pakuti njovu yaikulu imatha kumwa malita oposa 100 pa tsiku.

Ntchito yachiwiri ndiyo kuwerenga tchire. Ulendo ukakhala wapansi, mlonda wa nyama wonyamula mfuti amakhala patsogolo, alendo n'kumatsatira mu mzere umodzi, mwakachetechete. Iye amayang'ana mapazi a nyama, ndowe ndi nthambi zothyoledwa kuti adziwe chimene chadutsa ndiponso nthawi imene chadutsira. Amayesanso mphepo pomwaza fumbi kapena phulusa. Njovu siona patali, koma imanunkhiza kwambiri; choncho anthu ayenera kuima kumene mphepo ikupita, kuti fungo lawo lisafike kwa nyamayo. Njovu yaikazi yokhala ndi mwana ndiyo yoopsa koposa, ndipo mlonda akati anthu abwerere m'mbuyo, palibe wofunsa chifukwa.

Nayenso mlendo ali ndi udindo wake. Atenge madzi akumwa okwanira, chipewa ndi nsapato zolimba. Asavale zakuda kapena zabuluu, chifukwa mitundu imeneyi imakopa kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera. Asatsike m'galimoto popanda chilolezo, ndipo asataye ndudu yoyaka, popeza kamoto kochepa m'chilimwe kangathe kupsereza tchire lalikulu.

Pobwerera madzulo, wotsogolera amafotokozanso mbiri ya njovu za kumeneko. M'zaka za m'ma 1970 munali njovu zoposa 1,000, koma opha nyama mozembera lamulo anazitha, mwakuti pofika 2015 zinatsala pafupifupi 50 zokha. M'chaka cha 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kudzaikidwa ku Kasungu. Kubwera kwake kunadzetsa chiyembekezo, komanso chisoni: njovu sizidziwa malire, ndipo zina zinatuluka kukaononga minda ngakhalenso kupha anthu m'midzi ya mbali zonse ziwiri, ku Malaŵi ndi ku Zambia.

Nkhani imeneyi si yachilendo kwa mlimi wa ku Mchinji, amene amadziwa kuwawa kwa munda woonongeka. Mwana wa sukulu kapena mlimi amene waona njovu ndi maso ake, ali pambali pa mlonda wodziwa khalidwe lake, amabwerera kwawo atamvetsa zinthu ziwiri: kuti nyamayi ndi chuma chofunika kuchisamala, ndiponso kuti si yoseweretsa. Alendo ayenera kutuluka pachipata kusanade, chifukwa usiku tchire ndi la eni ake.