Kalaliki wa M'kati mwa Makina

Munthu ali yense amene anagwirapo nchito pa mgodi adziwa zenera la kalaliki. Wanchito angochula nambala yace, ndipo kalaliki apita yekha ku kabati, natsegula bokosi loyenera, naturutsa khadi. Wofunsayo sadziwa m'mene makhadi aikidwira, ndiponso safunika kudziwa. Nkhani ya lero ndiyo ya kalaliki wotere, koma wokhala m'kati mwa kompyuta.

Kompyuta isunga mbiri za anthu monga mabokosi olowetsana. M'bokosi la mgodi muli la cigawo, m'la cigawo muli la gulu, m'la gulu muli khadi la munthu ndi malipiro ace. Kalembedwe kofala ka zotere ndiko JSON, kamene Douglas Crockford anafalitsa kuyambira 2001. M'cinenero ca Python, cimene Guido van Rossum anaturutsa mu 1991, wofuna malipiro a munthu mmodzi ayenera kuchula mabokosi onsewo motsatana, osadumpha ngakhale limodzi.

Apa ndipo pali mabvuto awiri. Bokosi limodzi likasowa, pulogalamu iima ndi mau akuti KeyError, ndipo malipiro a onse acedwa. Caciwiri, ngati njira ija inalembedwa m'malo 50, ndipo akuru asintha dzina la bokosi limodzi, malo onse 50 ayenera kukonzedwa. Kuiwala amodzi kuononga nchito yonse.

Mankhwala ace ndiwo cimene akatswiri acicha wrapper class, ndiko kuti cikuto cokuta mabokosi onse. Mlembi wa pulogalamu alemba njira ija kamodzi kokha m'kati mwa cikutoco, naipatsa dzina lalifupi, monga "malipiro". Kuyambira pamenepo mbali zina zonse za pulogalamu zingofunsa dzinalo, monga wanchito pa zenera. Makabati akasinthidwa, wophunzitsidwa mwatsopano ndi kalaliki yekha.

Koma pali cenjezo. Alembi ena, pofuna kuti makina asaime, alamula cikuto kuti cikapeza bokosi lasowa cingoyankha 0. Pamenepo munthu wagwira mwezi wathunthu pansi pa nthaka abwerera kwao cimanjamanja, makina nanena kuti zonse ziri bwino. Cikuto cabwino cichula poyera khadi limene lasowa, kuti anthu alifune lisanafike tsiku la malipiro. Pakuti kalaliki wobisa colakwa aipa koposa kalaliki wocedwa.