Mvula ya ku Dublin ndi nkhono za pa miyala

Loweruka lina madzi ataphwa, ndinayenda pa Great South Wall, khoma lalitali lopita ku nsanja yofiira ya Poolbeg. Kumanzere kuli mtsinje wa Liffey, kumanja nyanja ya mchere. M'munsi mwa miyala munali tinkhono takuda titamatirana ngati nthenga za nkhanga. Kuno amati mussels, ndipo ndi zomwe Molly Malone wa chiboliboli cha pa Suffolk Street amati ankagulitsa pa wilibala. Mnzanga wa kwathu ku Zomba anaona ndiwo yaulere, nkuyamba kufunafuna jumbo. Ndinamugwira mkono: "Achimwene, dzana lija kunagwa chimvula. Zisiyeni."

Nkhani yake ndi mchere. Madzi a m'nyanja yaikulu amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita imodzi, ndipo madzi a m'thupi la nkhonozi amatsatira mchere wa madzi omwe zikukhalamo. Mvula ikagwa yambiri, Liffey, Dodder ndi Tolka imakhuthulira madzi opanda mchere mu Dublin Bay. Nkhono ikamva kusinthako imatseka chigoba gwa, nkusunga timadzi ta mchere m'kati. Ikhoza kupirira masiku angapo, koma nthawi yonseyo sikudya ndipo sipuma bwino. Ikatsegula madzi adakali osukuluka, minofu yake imamwa madzi nkutupa. Imafooka, imakula mochedwa, ndipo ulusi womwe imagwirira mwala umachepa. Ku nyanja ya Baltic, komwe mchere m'malo ena ndi magalamu 6 kapena 7 okha, mtundu womwewu umakhala wopinimbira.

Ife a ku Chilwa timaidziwa nkhaniyi, kungoti kwathu imayenda chobwerera. Nyanja ija ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho ikamaphwa mchere umachuluka, makumba ndi matemba nkuthawira m'mitsinje. Akuluakulu amakumbukira kuuma kwake mu 1968 ndi 1995. Nsomba imathawa, nkhono yomatirira pa mwala ithawira kuti?

Koma chomwe ndinamuletsera mnzangayo si chisoni pa nkhono ayi. Nkhonozi zimadya posefa madzi, ndipo mvula yomwe imasukulutsa mchereyo ndi yomwenso imakokolola zonyansa za m'misewu ndi m'mapaipi a zimbudzi. Zikatsegulanso zigoba zimasefa zomwezo, tizilombo nkutsalira m'thupi mwake. Palinso poizoni wochokera ku ndere zina za m'nyanja yemwe satha ngakhale muwiritse tsiku lonse. Nchifukwa chake bungwe la Marine Institute limayeza nkhono kawirikawiri, pomwe Sea-Fisheries Protection Authority imaika madera okololamo m'magulu A, B ndi C. Zomwe timagula m'shopu zimachokera kumalo ngati Bantry Bay, Killary ndi Carlingford Lough, ndipo kathumba kake kamakhala ndi chizindikiro chonena kochokera. Za pa khoma lija palibe waziyeza, komanso zili pakamwa penipeni pa doko.

Tsikulo tinadzera kwa ogulitsa nsomba nkugula kathumba kamodzi. Kunyumba ndinamuonetsa kasankhidwe kake: yomwe yayasama, igogodeni pang'ono, ikapanda kutseka ndiye kuti yafa, itayeni. Zotsalazo tinaphika ndi tomato ndi anyezi, nkudyera nsima. Iye anati msuzi wake ndi wabwino, koma usipa wa ku Mangochi ukadali patsogolo.