Mzere Wopendekeka

Mizere yoongoka iri ya mitundu itatu. Wina umaimirira ngati mzati wa nyumba. Wina umagona ngati mphasa yoyala pansi. Wacitatu suimirira ndiponso sugona. Umenewu ndi mzere wopendekeka.

Zinthu zopendekeka zimaoneka paliponse pamudzi. Makwerero otsamira pa nkhokwe ndi opendekeka. Mvula ya mphepo imagwa mopendekeka. Denga la udzu nalonso ndi lopendekeka. Omanga nyumba amalipendeketsa dala kuti madzi a mvula atsetsereke msanga. Likapanda kupendekeka bwino, madzi amakhazikika, udzu umaola ndipo nyumba imadontha.

Pa Cingerezi, cinenero cimene ana amaphunzira m'masukulu a ku Malawi ndi ku Zambia, cinthu copendekeka cimanenedwa ndi liu lakuti "oblique". Poliwerenga limamveka kuti "oblik", cifukwa zilembo ziwiri zakumapeto, u ndi e, sizimveka. Pa Cipwitikizi pali "oblíquo" ndi "oblíqua". Mauwa ndi ofanana cifukwa onse anacokera ku Cilatini.

Liuli si dzina la cinthu ai. Nchito yake ndi kunena mmene cinthu cakhalira. Koma malo ake amasiyana:

Cinyanja: mzere wopendekeka
Cipwitikizi: linha oblíqua
Cingerezi: oblique line

Pa Cinyanja ndi pa Cipwitikizi dzina la cinthu limatsogola. Pa Cingerezi limabwera pambuyo.

Mwana wa kalasi yoyamba ayenera kudziwa bwino mzere umenewu, popeza zilembo zambiri ziri nao. Cilembo V ciri ndi mizere iwiri yopendekeka. Cilembo A ciri ndi iwiri yopendekeka ndi umodzi wogona. Cilembo N ciri ndi iwiri yoimirira ndi umodzi wopendekeka pakati. Mwana akaugoneka mzere wapakatiwo, N imasanduka H. Pamenepo walemba cilembo cina, ndipo wowerenga sangamve cimene iye amafuna kunena.

Nchito ya ana

1. Mwana aliyense apeze zilembo za mzere wopendekeka: L, K, T, Z, E, M.
2. Aloze mzere wopendekeka mu nambala 7.
3. Anene zinthu zitatu zopendekeka za kwao.

Kwa makolo

Kuphunzira uku sikulira pepala. Madzulo mwana atenge timitengo titatu tofanana kutalika, apange N pabwalo, kenaka Z. Pambuyo pake alembe zilembozo pa dothi ndi cala, acikulire akumuyang'anira.