Ntchito yolemba zikwangwani ndi kukonza zizindikiro za malonda kumidzi ya Lilongwe

Ntchito yolemba zikwangwani ndi kukonza zizindikiro za malonda ndi bizinesi yothandiza masitolo, sukulu, mipingo ndi magulu osiyanasiyana kuti adziwike kwa anthu kudzera m'dzina, utoto ndi zithunzi. M'mizinda ikuluikulu ntchitoyi imagwiridwa ndi makampani okhala ndi maofesi ndi antchito ambiri. M'malo ochitira malonda a kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe, monga Namitete, Mpingu, Nsaru ndi Kabudula, kawirikawiri imakhala m'manja mwa munthu mmodzi ndi omuthandiza awiri kapena atatu. Anthu amangowatchula kuti olemba zikwangwani kapena ojambula, ngakhale kuti amadindanso masikipa, kukonza makhadi a ukwati, zidindo, mabuku a malisiti ndi timapepala tomata pa katundu.

Vuto lalikulu pa bizinesiyi ndi lakuti kasitomala amafuna kulipira chinthu chimene angachigwire m'manja, monga chikwangwani kapena sikipa, pomwe nthawi yambiri ya wojambula imathera pa kuganiza dzina, kusankha utoto ndi kukonza chizindikiro. Kayendetsedwe konse ka bizinesiyi kamazungulira pa mfundo imeneyi.

Malo ndi makasitomala

Namitete ndi Mpingu zili m'mbali mwa msewu wa M12 wochokera mumzinda wa Lilongwe kupita ku Mchinji ndi kumalire a Zambia. Nsaru ndi Kabudula zili chakumpoto kwa msewuwu, ndipo Nambuma ili kufupi ndi malire a maboma a Lilongwe ndi Dowa. Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu opitirira 1.6 miliyoni m'boma la Lilongwe, osawerengera okhala mumzinda. Ambiri mwa iwo ndi alimi a chimanga, fodya, mtedza ndi soya, choncho ndalama zimene zimazungulira m'malo a malondawa zimachokera kumunda.

Makasitomala a tsiku ndi tsiku ndi eni magolosale, maokala, matiyirumu, zigayo, masaluni, malo ometera, malo oonetsa kanema ndi masitolo ogulitsa mbewu ndi feteleza. Pamene pali chipatala kapena sukulu yaikulu, malonda amachuluka. Ku Namitete, chipatala cha St Gabriel, chomwe chidakhazikitsidwa mu 1959 ndi masisitere a ku Luxembourg, chimalandira odwala ndi owadikirira ochokera kutali, ndipo malo odyera ndi ogona alendo amafuna zikwangwani zoti mlendo awapeze msanga.

Gulu lachiwiri la makasitomala ndi la sukulu, makwaya, amayi a Chigwirizano, magulu a mpingo wa Katolika, mabanki a m'mudzi, makopaletivi a alimi ndi matimu a mpira. Amenewa amafuna masikipa, mabaji ndi zidindo. Gulu lachitatu ndi la mabanja: makhadi a chinkhoswe ndi ukwati, zolemba pa ziliza, ndi masikipa okhala ndi chithunzi cha malemu pa mwambo wovundukula chiliza.

Mbiri yachidule

Kwa zaka zambiri ntchitoyi inkagwiridwa ndi bulashi ndi penti basi. Wojambula ankalemba dzina la sitolo pakhoma kapena pa lata, n'kujambula katundu wogulitsidwamo: buledi, botolo, lumo, mutu wa munthu wometedwa bwino. Zithunzizi sizinali zongokongoletsa. Kalembera wa mu 2018 adaonetsa kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka zisanu kapena kuposerapo sankatha kuwerenga ndi kulemba, ndipo mpaka lero chithunzi chimauza munthu wodutsa chimene zilembo sizikadamuuza.

Ndale za zipani zambiri, zimene zidayambanso ndi chisankho cha mu 1994, zidabweretsa msika wa makaka a zipani: achikasu a UDF, tambala wakuda wa MCP, ndipo pambuyo pake obiriwira ngati mtambo a DPP. Makampani a mafoni nawo adasintha maonekedwe a malo a malonda. Kampani ya Celtel idasintha dzina n'kukhala Zain mu 2008, kenaka Airtel mu 2010, ndipo kusintha kulikonse kudatanthauza kupentanso makoma ndi kusintha zikwangwani. Airtel Money itayamba mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, timaokala tofiira ndi tobiriwira tidadzaza m'misika. Ntchito za makampani otere kawirikawiri zimaperekedwa kwa makampani a mumzinda, ndipo wojambula wa kumudzi akapezapo mwayi amangolembedwa ganyu yopenta. Komabe zidaphunzitsa eni masitolo kuti utoto umodzi wosasinthasintha umapangitsa bizinesi kudziwika patali.

Kubwera kwa makompyuta ndi mafoni amakono kudawonjezera mbali ina. Ojambula ambiri tsopano amagwiritsa ntchito CorelDRAW, Photoshop kapena Canva, ndipo amaonetsa ntchito zawo pa Facebook ndi WhatsApp.

Mmene oda imayendera

Ntchito imayamba ndi kukambirana. Kasitomala amabwera ndi dzina, lomwe nthawi zambiri limachokera m'Baibulo, m'dzina la mwana, m'mwambi kapena m'zimene mwini wake adakumana nazo pa moyo. Wojambula amafunsa za katundu wogulitsidwa, kukula kwa khoma ndi mbali imene anthu amadzera. Chikwangwani cha pa msewu wa M12 chimafuna zilembo zikuluzikulu ndi mawu ochepa chifukwa ochiwerenga ali m'minibasi yothamanga, pomwe cha mumsika chikhoza kukhala ndi mndandanda wa katundu ndi nambala ya foni.

Akagwirizana, wojambula amakonza chitsanzo papepala kapena pafoni. Apa ndi pamene nthawi imathera, chifukwa kasitomala akhoza kusintha maganizo kangapo, makamaka ngati ndi komiti ya sukulu kapena ya mpingo yomwe membala aliyense ali ndi mawu. Chitsanzo chikavomerezedwa, kasitomala amapereka dipoziti yogulira zipangizo, ndipo yotsala amamaliza polandira katundu.

Ntchito ya pakhoma imachitikira pamalo pomwepo. Khoma limapalidwa, makamaka ngati lidapakidwa laimu, chifukwa penti sagwira pa laimu wofundukafunduka. Mizere imayezedwa ndi chingwe ndi choko, zilembo n'kuyamba kulembedwa mopepuka zisanadzazidwe ndi penti wa mafuta. Pa masikipa, ena amadinda podutsitsa inki pa nsalu yopyapyala yokungidwa pa felemu, njira yomwe imatchipa masikipa akachuluka. Ena amagwiritsa ntchito makina otenthetsa amene amamata chithunzi pa nsalu, ndipo njirayi imayenera oda yaing'ono kapena chithunzi cha nkhope ya munthu.

Makina osindikiza zikwangwani zazikulu za pulasitiki ndi masitika ndi okwera mtengo, ndipo ambiri ali mumzinda wa Lilongwe. Choncho wojambula wa ku Nsaru kapena Nambuma amatumiza chithunzi pa WhatsApp kwa osindikiza a mumzinda, amalipira pa foni, ndipo katundu amabwera pa minibasi kapena pa njinga yamoto. Nsalu zodindidwa za mipingo ndi zipani zimapangidwa m'mafakitale, monga ya Mapeto David Whitehead ku Blantyre, kapena kunja kwa dziko. Pa ntchito zoterezi wojambula wa kumudzi amakhala mkhalapakati: amadziwa zimene kasitomala akufuna, komanso amadziwa muyezo ndi mtundu wa fayilo imene makina amalandira.

Nyengo za ntchito

Bizinesiyi imatsatira kalendala ya ulimi. Kuyambira Epulo, pamene msika wa fodya wa ku Kanengo umakhala utatsegulidwa ndipo soya, mtedza ndi chimanga zikukololedwa, anthu amatsegula masitolo atsopano ndi kupenta akale. Miyezi ya chilimwe ndi ya maukwati, zinkhoswe, ziliza ndi mipikisano ya mpira, ndipo ndiyo nyengo yabwino yopenta chifukwa makoma amakhala ouma. Sukulu zikamatsegulira mu Seputembala pamakhala ntchito ya mabaji ndi zikwangwani zoitanira ophunzira. Mvula ikayandikira, ogulitsa mbewu ndi feteleza amafuna kuoneka.

Kuyambira Disembala mpaka Malichi ntchito imachepa. Ndalama zimakhala zapita ku feteleza ndi chakudya, ndipo chinyezi chimachedwetsa penti kuuma. Ojambula ambiri amalima okha, kapena amadalira fotokope, kutayipa makalata, kujambula zithunzi za ziphaso ndi kutumiza ndalama pa foni kuti lendi ya shopu ipezeke. Chaka cha chisankho, monga 2019 ndi 2025, chimabweretsa ntchito ya masikipa ndi zithunzi za opikisana pa ukhansala ndi uphungu. Apa wojambula amasamala kuti asadziwike ngati wa chipani chimodzi, chifukwa makasitomala ake amakhala a mbali zonse.

Mitengo, ngongole ndi kukwera kwa zinthu

Mtengo wa ntchito umaphatikiza zipangizo, thiransipoti, malipiro a omuthandiza ndi phindu. Ndalama ya luso lokonza chizindikiro siitchulidwa payokha, chifukwa kasitomala akaimva amaikana. Wojambula amaibisa mu mtengo wa chikwangwani kapena wa masikipa. Vuto limabwera pamene kasitomala watenga chitsanzo pafoni n'kukasindikitsa kwina kotchipa. Pofuna kupewa zimenezi, ena amatumiza chitsanzo chosaoneka bwino kwenikweni kapena cholembedwa dzina lawo pakati, ndipo fayilo yeniyeni amaipereka ndalama zikatha kulipidwa.

Inki, masitika, masikipa ambiri ndi zida za makina zimachokera kunja, choncho mitengo yake imatsatira mphamvu ya kwacha. Ndalamayi idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wojambula amene walandira dipoziti koma wachedwa kugula zipangizo akhoza kupeza kuti ndalamayo sikukwananso, pomwe mtengo adagwirizana kale. N'chifukwa chake ambiri amagula zipangizo tsiku lomwelo, kapena amauza kasitomala kuti agule yekha penti ndi masikipa, iwo n'kulipiritsa ntchito yokha.

Ngongole ndi vuto lina. M'dera limene anthu amadziwana, n'kovuta kukaniza mbale, mkulu wa mpingo kapena a mfumu. Chikwangwani cholembedwa dzina la munthu sichingagulitsidwe kwa wina, kotero kasitomala akalephera kumaliza, wojambula ndiye amaluza. Kuzimazima kwa magetsi a ESCOM kumachedwetsanso ntchito, monga zidachitikira mu 2022 namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira. Amene angakwanitse amaika sola yoyendetsa kompyuta ndi pulinta, koma makina otenthetsa amafuna mphamvu zambiri kuposa zimene sola yaing'ono imapereka.

Chilankhulo ndi kalembedwe

Zikwangwani zambiri zimasakaniza Chichewa ndi Chingerezi. Dzina la mtundu wa bizinesi limakonda kukhala m'Chingerezi chifukwa limaoneka lapamwamba, pomwe machenjezo okhudza ngongole, mitengo ndi malamulo a pamalo amalembedwa m'Chichewa kuti aliyense amve. Kulakwitsa kalembedwe kumawonongetsa ndalama. Zilembo l ndi r zimasokonezedwa kawirikawiri, makamaka m'mayina a anthu ndi m'mawu a Chingerezi. Pakhoma cholakwika chimafufutika ndi penti, koma pa masikipa 50 kapena pa mwala wa chiliza sichifufutika. Ojambula odziwa ntchito amauza kasitomala kuti alembe yekha mawu onse papepala, ndiponso kuti avomereze chitsanzo chomaliza kusindikiza kusanayambe.

Malamulo

Bizinesi imalembetsedwa motsatira lamulo la Business Registration Act la mu 2012, ndipo chiphaso chochitira malonda pamalo chimaperekedwa ndi khonsolo ya boma la Lilongwe. Kulembetsa n'kofunika kwa amene akufuna ntchito za sukulu za boma ndi mabungwe, chifukwa amenewa amafuna kotesheni, lisiti ndi nambala ya msonkho ya ku MRA.

Kulembetsa dzina la bizinesi sikuteteza chizindikiro chake. Chizindikiro chimatetezedwa ndi lamulo la Trademarks Act la mu 2018, lomwe limapereka chitetezo cha zaka 10 zomwe zikhoza kuwonjezeredwa. Zojambula zimatetezedwa ndi lamulo la Copyright Act la mu 2016, lomwe limayang'aniridwa ndi bungwe la COSOMA. Kukopera chizindikiro cha kampani ina kapena cha timu ya mpira n'kumagulitsa popanda chilolezo ndi kuphwanya malamulowa. Mbendera ndi chizindikiro cha dziko zili ndi lamulo lawolawo la mu 1967 loletsa kuzigwiritsa ntchito pa malonda popanda chilolezo. Makopaletivi opanga chiponde, uchi kapena mafuta a mpendadzuwa amayenera kutsatira miyezo ya bungwe la Malawi Bureau of Standards pa zolembedwa pa botolo, monga dzina la wopanga, kuchuluka kwa katundu ndi tsiku lothera ntchito, ndipo wojambula sayenera kuika chidindo cha bungweli pa katundu amene sadavomerezedwe.

Kuphunzira ntchito

Ambiri amaphunzira pothandiza wojambula wamkulu: kupala makoma, kusakaniza penti, kutsuka mabulashi, kenaka kudzaza zilembo zimene mwini ntchito walemba kale. Ena amaphunzira za pakompyuta poonera mavidiyo a pa YouTube. Maphunziro a ntchito zamanja m'dziko muno amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999, ndipo m'derali muli sukulu ya ntchito zamanja ya Namitete Technical College. Kalipentala ndi wowotcherera zitsulo ndi anzake a wojambula pa ntchito, chifukwa ndiwo amapanga mafelemu ndi mapolo oimikira zikwangwani.

Wophunzira akadziwa ntchito amakonda kutsegula yake pafupi, nthawi zina n'kutenga makasitomala a mphunzitsi wake. Popeza Canva ndi mapulogalamu ena a pafoni apangitsa kuti achinyamata ambiri azitha kukonza chithunzi, chimene chimasunga makasitomala ndi kusunga nthawi, kalembedwe kolondola ndi penti wosafwifwa msanga ndi dzuwa. Ojambula ambiri amalemba dzina lawo ndi nambala ya foni m'munsi mwa chikwangwani chilichonse chimene apanga, ndipo oda zatsopano zambiri zimachokera kwa anthu amene adaona ntchito yawo pakhoma la mnzawo.