Sipinachi wophika: kodi magalamu 180 ndi makapu angati?

Alimi otsogola ambiri ku Mpingu, Nsaru ndi Kabudula amalandira timapepala ta kaphikidwe tolembedwa m'magalamu, chonsecho m'mudzi mulibe sikelo ya kukhitchini. Zotsatira zake, tsiku la chionetsero cha kaphikidwe munthu amagula milu iwiri ya masamba poyesa kuti yakwana. Akaphika, ndiwo zimangotsala pansi pa poto ndipo ena amabwerera osalawa.

Masamba amaphwa kwambiri akapsa. Kapu imodzi ya sipinachi wosaphika imalemera magalamu 30 okha, chifukwa pakati pa masambawo pamakhala mpweya. Kapu yomweyo mukaidzaza ndi sipinachi wowiritsa, wotsanula madzi, imalemera magalamu pafupifupi 180. Theka la kapu ndi magalamu 90, ndipo sipuni yaikulu yosasefukira ndi magalamu 11.

Kapu tikunena pano ndi ya mamililita 240 kapena 250. Kuti mudziwe ngati yanu ili yoyenera, dzazani madzi m'botolo la theka la lita. Madziwo akwane makapu awiri. Makapu ena apulasitiki a pamsika ndi aakulu kuposa apa, choncho lembani mzere pamene madzi alekezera ndipo muziyezera pamenepo. Poyeza, ikani masamba ndi sipuni osatsendera, osawafinyanso m'manja.

Musatenge nambala ya sipinachi n'kuigwiritsa ntchito pa masamba onse. Miyeso ya unduna wa zaulimi wa ku America ikusonyeza kuti kapu ya mpiru wophika imalemera magalamu 140, ya bonongwe 132, pamene ya nkhwani ndi 71 basi. Sipinachi wa masamba akuluakulu ndi phesi loyera, amene timalima m'madimba mwathu muno, ali pa 175, choncho sasiyana kwenikweni ndi winayo. Miyesoyi ndi ya masamba owiritsa okha. Mukatendera nsinjiro kapena kuthira tomato wambiri, kapu imalemera koma masamba m'katimo ndi ochepa. Ndi chifukwa chake ine ndimalangiza kuyeza musanatendere.

Nanga pothyola kapena pogula? Theka la kilogalamu la sipinachi wosankha kale limatulutsa makapu pafupifupi awiri akapsa, ndipo amacheperapo ngati mwaphika nthawi yaitali. Sikelo mutha kupanga nokha. Madzi okwana theka la lita amalemera theka la kilogalamu. Mangani chingwe pakati penipeni pa ndodo yowongoka, mbali ina kolekani botolo la madzi lija, mbali ina jumbo ya masamba, motalikirana mofanana ndi chingwecho. Ndodo ikaima chopingasa, masambawo akwana theka la kilogalamu. Yesani mulu umodzi wa pa msika wa Namitete kapena Nambuma mwa njira imeneyi. Milu imasintha ndi nyengo, ya mu Okutobala si yofanana ndi ya nthawi ya dzinja, ndiye osadalira muyeso wa mwezi watha.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azidya magalamu osachepera 400 a masamba ndi zipatso pa tsiku, amene ndi magawo asanu a magalamu 80. Gawo limodzi la sipinachi wophika ndi pafupifupi theka la kapu, kapena masipuni 7. Banja la anthu 6 likufunika makapu pafupifupi atatu pa chakudya chimodzi, kutanthauza masamba osaphika okwana magalamu ngati 700, odzaza makapu oposa 20. M'makomo ambiri mbale imodzi ya ndiwo yosakwana kapu ndi theka ndiyo imazungulira banja lonse, ndipo mwana wamng'ono amangonyowetsa nsima mu msuzi. Mpatulireni zake m'kambale kake kuti muone zimene wadyadi.

Phikani ndi madzi ochepa, kwa mphindi zochepa, osathira soda. Soda amafewetsa masamba msanga koma amaononga mavitamini ena, ndipo ndiwo zikasanduka phala kapu siikuuzaninso zoona. Msuzi umene mwatsanula poyeza mubwezere m'poto.