Mulu wa pambali umathera kuti?

Anzathu a m'koperativa, pokolola timapatula chimanga pawiri. Chabwino chimapita kunkhokwe. Chovunda, chija chobiriwira kapena chakuda kunsonga, timachiunjika pambali. Nanga mulu wa pambaliwo umathera kuti?

Tonse tikudziwa. China chimapita ku thobwa ndi mowa wamasese. China timaponyera nkhuku ndi nkhumba. Chotsala chimadikira Febuluwale, nkhokwe ikapepuka, basi ulendo wa kuchigayo. Phala la ana athu limachokera pamenepo.

Chobiriwira chija ndi chuku. Chuku ndi chamoyo, chimakula pamene pali chinyezi ndi kutentha. Mtundu wina wa chuku umasiya poizoni m'njere za chimanga ndi mtedza. Dzina lake ndi aflatoksini. Tiliwerenge pang'onopang'ono: a-fla-to-ksi-ni. Poizoni ameneyu saoneka ndi maso. Moto wa nsima sumuthetsa. Ng'ombe ikamudya amatulukira mumkaka.

Mu 2004, kum'mawa kwa dziko la Kenya kunali chilala, kenaka mvula inagwa anthu akukolola. Alimi analowetsa chimanga m'nyumba chisanaume. Anthu 317 anadwala, maso achikasu, miyendo yotupa. Mwa iwo 125 anamwalira. Anali alimi ngati ife, ndipo ambiri anadya chimanga cha m'minda mwawo.

Koma kawirikawiri poizoniyu safulumira chotero. Amalowa pang'ono lero, pang'ono mawa, n'kumawononga chiwindi. Pakapita zaka angayambitse khansa ya chiwindi, makamaka kwa amene ali kale ndi matenda a hepatitis B. Ana odya chakudya chotere amapinimbira. Pamudzi timati ndi ufiti, timatulana maina, pamene mdani ali m'lichero.

Chuku chimayambira kumunda. Chimalowa pamene kapuchi waboola, pamene mbalame yasenda makoko, pamene phesi lagwa pansi. Tsono tisachedwe kukolola, ndipo chimanga chogwa pansi chisasakanizidwe ndi chinzake.

Ntchito yaikulu ili pa kuyanika. Tiyanike pa thandala, pa mphasa kapena pa lona, osati padothi. Wina anena kuti, "Ine ndimaluma njere, ikalira ndiye kuti yauma." Eee, mano amathandiza, koma mano a munthu amene akufulumira kupereka thumba lake amanama. Botolo silinama. Titenge botolo lagalasi louma bwino. Tithiremo chimanga chosafika theka, ndi masipuni 2 kapena 3 a mchere wouma. Titseke, tikhutchumule, tidikire mphindi 15, tikhutchumulenso. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa.

M'nkhokwe ya koperativa muli thukuta la mabanja ambiri. Thumba limodzi lonyowa limatenthetsa anzake, chuku n'kufalikira, nankafumbwe naye n'kuboola njira. Choncho thumba lililonse liyesedwe pakhomo, kaya ndi la wapampando, kaya la mlembi, kaya la mchimwene wake wa wosunga kiyi. Matumba akhale pa mitengo, atalikire khoma, denga lisadonthe. Tizitsegula mwezi ndi mwezi, tipise dzanja. Mukafunda, titulutse tiyanike.

Amayi, kusankha kwanu pamphasa ndi ntchito ya umoyo, ndipo abambo akhale nawo pansi asankhe. Njere zosweka, zofota ndi zosintha mtundu zichoke. Kukonola ndi kuviika mphale kumachepetsa poizoni, poti wambiri amatsalira m'madeya ndi m'madzi. N'chifukwa chake madeya a chimanga chokayikitsa sayenera kupita kukhola.

Kutaya chakudya n'kowawa, makamaka chaka cha njala. Komabe mulu wa pambali uja tiutenthe kapena tiukwirire m'dzenje lakuya, tsiku lomwelo, usanapeze mwini.

Pa phunziro likudzali aliyense abwere ndi chimanga chodzaza dzanja cha kunyumba kwake. Botolo ndi mchere tidzabweretsa ndife.