Msilikari Woopa Maso a Anthu

Ife a ku Mulanje tidziwa za nkhondo kuyambira kale. Makolo athu anasenza akatundu pa nkhondo ya Chiwaya, 1914 kufikira 1918; ana ao analowa King's African Rifles, nakamenyana ndi Ajapani m'nkhalango za Burma m'chaka cha 1944; adzukulu ao anapita ku Congo kukasungitsa mtendere, kumene asilikari 6 a Malawi anafera pafupi ndi Beni m'chaka cha 2018.

Akufa timawalira. Koma alipo ena obwera amoyo, opanda bala pathupi, amene tiwaiwala. Munthu amene sanaope mfuti, tsopano aopa maso a anzache. Pa msika wa Chitakale safika. Pamaliro aima kutali. Akampempha kunena mau pabwalo, mtima ugunda, thukuta lituruka, lilime liuma. Ife timati wayamba kunyada, kapena walodzedwa. Iai, imeneyi ndi nthenda, ndipo ichizika.

Joseph Wolpe, sing'anga wobadwira ku Johannesburg, anasamala asilikari odwala mantha ku Kimberley pa nkhondo yachiwiri ija, naona kuti machiritso a masiku amenewo sanawathandize kwenikweni. Pambuyo pache anapeza njira yina, nailemba m'buku m'chaka cha 1958. Mantha akula ndi kuthawa: wothawa apumula lero, koma mawa aopa koposa. Chifukwa chache wodwala aphunzira kufewetsa thupi ndi kupuma mofatsa, nayandikira chimene aopa pang'ono pang'ono. Lero apatsa moni mnansi mmodzi. Sabata ya mawa akhala pakhonde ndi atatu. Pomaliza akagula yekha mchere kumsika. Asing'anga a makono aonjezapo kuyesa maganizo. Wodwala akati, "Onse andiseka," amfunsa kuti, "Waseka ndani?" Ndipo powerenga sapeza ngakhale mmodzi.

Nanga ife a pabanja tichitenji? Tisamkokere pakhamu modzidzimutsa, koma tisambisenso m'nyumba ndi kumchitira zonse. Kachasu tisampatse ati alimbe mtima, pakuti ukatha mowa mantha abweranso, ndipo nthenda zikhala ziwiri. Timperekeze ku chipatala cha Mulanje Mission kapena cha pa Boma, akafotokoze momwe amvera. Chipatala chachikuru cha nthenda za maganizo chiri ku Zomba.

Iye anapirira m'thengo chifukwa cha ife. Tsono tipirire naye pakhomo. Kuona maso a nkhono nkudekha.